Kodi ufa wa m'timapaketi ungaziziritse mtima wa chiweto?

Awa ndi mau amene mtolankhani wathu adalankhula pa msonkhano wa alimi oweta nkhuku, mbuzi ndi nkhumba ku Kasinje, m'boma la Ntcheu.

 Ndiyambe ndanena kuti ine si dokotala wa ziweto. Ndine mtolankhani, ndipo ntchito yanga ndi kuwerenga zimene akatswiri alemba m'Chingerezi chawo chokhotakhota chija, n'kudzazinena m'chinenero choti agogo kumudzi angamve. Za jekeseni ndi mankhwala eni ake ndi alangizi akhala apawa.

Komiti yanu idandipempha kuti ndiyankhe funso limodzi. Masiku ano m'masitolo a zaulimi mukupezeka timapaketi ta ufa wosungunula m'madzi a nkhuku kapena wosakaniza ndi madeya, tolembedwa kuti probiotic kapena prebiotic. Ogulitsa ena, makamaka aja otsatsa malonda pa WhatsApp, akuti ufawu umachotsa nkhawa pa chiweto. Ati nkhuku zimasiya kujomphana, nkhumba zimasiya kulumana michira, ngakhale galu wolusa amafatsa. Tsono funso n'lakuti: chiweto chimene sichikudwala, chabwinobwino, kodi chimakhaladi pa mtendere chikamwa zimenezi? Kapena ndi makwacha chabe akutuluka m'thumba la mlimi?

Nkhaniyi si bodza lamkunkhuniza ayi. Komanso si yaikulu monga m'mene amalonda akuikuzira. Ndifotokoze kuyambira pachiyambi.

M'matumbo mwa munthu, mbuzi, nkhuku ngakhale mbewa muli tizilombo tosaoneka ndi maso tosawerengeka. Tikamva mau oti tizilombo timathamangira kuganiza za kolera, koma tambiri ta m'matumbo ndi antchito athu. Munthu mmodzi wamkulu amayenda ndi mabakiteriya pafupifupi mathiriliyoni 38. Mbuzi ndiye chinanso. Aliyense amene adasendapo mbuzi adaona chifu chachikulu chija chooneka ngati thaulo, chodzaza ndi udzu wofunda. Mbuzi payokha singathe kugaya udzu. Amene amagwira ntchitoyi ndi tizilombo ta m'chifumo, mabiliyoni m'kasupuni kamodzi, ndipo mbuzi imakhalira moyo zimene tizilomboto tatulutsa. Mlimi akamadyetsa mbuzi, kwenikweni akudyetsa tizilombo, tizilomboto n'kudyetsa mbuzi.

Probiotic ndi tizilombo tamoyo timene, tikadyedwa pa muyeso wokwanira, timachitira thupi ubwino. Tanthauzo limeneli adagwirizana akatswiri oitanidwa ndi mabungwe a FAO ndi WHO m'chaka cha 2001. Ganizo lake ndi lakale ndithu. Mu 1907 Elie Metchnikoff, katswiri wa ku Russia amene ankagwira ntchito ku Paris, adalemba kuti alimi a ku Bulgaria amakhalitsa ndi moyo kaamba komwa mkaka wosasa. Ife kuno kwa Angoni sitidachite kudikira a Metchnikoff kuti tidziwe chambiko. Pamene prebiotic si tizilombo, ndi chakudya cha tizilombo. Ndi mbali zina za zakudya zimene chifu sichitha kugaya, zimene zimafika m'matumbo zili zathunthu n'kukadyedwa ndi tizilombo tabwino. Dzinali adayambitsa Glenn Gibson ndi Marcel Roberfroid mu 1995. Zimapezeka mu anyezi, adyo, nthochi ndi nyemba. Mpweya uja nyemba zidatchuka nawo, wochititsa manyazi m'minibasi, ndi chizindikiro choti tizilombo talandira phoso lake.

Nanga nkhawa ya chiweto ndiye chiyani? Ndaona ena kumbuyoko aseka. Zoonadi mbuzi ilibe ngongole ya feteleza ndipo nkhuku silipira fizi ya mwana. Koma mantha ndi kupanikizika zilipo, ndipo zimayezeka. Chiweto chikaopsedwa, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pafupi ndi impso, tiziwaloto n'kuthira m'magazi homoni yotchedwa cortisol. Mu mbewa ndi mu nkhuku imene imagwira ntchitoyi ndi inzake yotchedwa corticosterone. Homoniyi ndi yothandiza pothawa mphamba kapena fisi. Koma ikakhalitsa m'magazi masiku ambiri, chiweto chimasiya kunenepa, mazira amachepa, ndipo thupi limafooka polimbana ndi matenda. Zoyambitsa zake mukuzidziwa kuposa ine: mbuzi yomangidwa pa kaliyala wa njinga ulendo wa ku msika, nkhuku zolendewera mitu pansi pa handulo, kuthithikana m'khola, mwana wa nkhumba wochotsedwa pa bere mwadzidzidzi, ndi kutentha kwa m'chigwa chathu chino cha Bwanje mu Okutobala, pamene nkhuku zimangoti kukamwa yasa, mapiko tambasu, kupuma wefuwefu.

Amene adayamba kuonetsa bwinobwino kuti tizilombo ta m'matumbo tili ndi mbali pa zimenezi ndi Nobuyuki Sudo ndi anzake a pa Kyushu University ku Japan, mu 2004. Iwo adagwiritsa ntchito mbewa. Ndikati mbewa musaganize za kapuku wa pa mpani amene anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu. Izi ndi mbewa zowetedwa m'nyumba za kafukufuku, ndipo zina mwa izo zimabadwira ndi kukulira m'mabokosi otsekedwa, mpweya wake wosefa, chakudya ndi madzi zophedwa tizilombo, kotero kuti m'thupi mwake mulibe kachilombo ndi kamodzi komwe. A Sudo adatsekera mbewa zotere m'kachubu kothina kwa ola limodzi, kenaka n'kuyeza magazi. Corticosterone yake idakwera kuposa ya mbewa wamba zimene zidachitidwa chimodzimodzi. Atazipatsa mtundu umodzi wokha wa bakiteriya, Bifidobacterium infantis, kukwera kopyola muyeso kuja kudatha. Pali chinanso chimene ndikufuna muchisunge poti tibwererakonso. Atayesa kuzipatsa tizilombo ta m'chimbudzi cha mbewa wamba, zidathandizako pa mbewa zazing'ono, koma pa zimene zidali zitakula kale sipadasinthe kanthu.

Koma mbewa yopanda kachilombo si nyama yabwinobwino, ndi nyama yochita kupanga. Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri pa nyama zathanzi ndi wa mu 2011, wa Javier Bravo, John Cryan ndi Ted Dinan a ku Cork m'dziko la Ireland, mothandizana ndi John Bienenstock wa pa McMaster University ku Canada. Adatenga mbewa zathanzi n'kumazimwetsa msuzi wokhala ndi Lactobacillus rhamnosus, mtundu wake wotchedwa JB-1, kwa masiku 28. Zina ankazimwetsa msuzi wopanda kanthu. Zomwa bakiteriya zija zidaonetsa mantha ochepa, corticosterone sidakwere kwambiri zitaopsedwa, ndipo mu ubongo mudasintha timalo tolandirira GABA, mankhwala achilengedwe amene amakhazika mitsempha pansi. Kenaka adachita chinthu chanzeru. Pali mtsempha wautali wotchedwa vagus umene umachokera mu ubongo kutsetsereka mpaka m'mimba, ngati waya wa telefoni. Ataudula mtsemphawu, ubwino wonse uja udazimirira. Apa padaoneka poyera kuti mimba ndi mutu zimakambirana.

Kuti mutu umalankhula ndi mimba sizachilendo. Mwana wa sukulu amene adatsegulapo m'mimba usiku woti mawa alemba mayeso akudziwa. Achikulire amene adamvapo galimoto ya apayoniya itaima pakhomo pakati pa usiku zaka zija akudziwa koposa. Chachilendo chidali chakuti nayo mimba imayankha, ndi kuti tizilombo tili ndi mau pa zimene ikuyankhazo.

Mu 2017 gulu la ku Cork lomwelo, pamodzi ndi Aurelijus Burokas, lidayesa ma prebiotic awiri otchedwa FOS ndi GOS pa mbewa zazimuna kwa milungu 3. Zotsatira zidafananako: corticosterone yocheperako, mantha ocheperako. Tizilombo tikadya zakudya zoterezi timatulutsa timaasidi totchedwa acetate ndi propionate, timene thupi limayamwa. Ndi timaasidi tomwe tija mbuzi imakhalira moyo.

Mpaka apa wogulitsa akumwetulira. Koma nkhaniyi ili ndi mchira wautali.

Mbewa sungaifunse kuti yadzuka bwanji. Ndiye ofufuza amatani? Amaiika pa thabwa looneka ngati mtanda, lokwezedwa m'mwamba, mikono iwiri yotchingidwa ndi timakoma, iwiri ya pambalambanda. Mbewa ikathera nthawi yambiri pambalambanda amalemba kuti ilibe mantha. Njira ina amaiponya m'chibotolo cha madzi chopanda pogwira, n'kumawerenga nthawi imene yasiya kuphiriphitha n'kumangoyandama. Yosiya msanga amati yataya mtima. Akatswiri anzawo ena amatsutsa, akuti mwina yoyandamayo ndiye yochenjera, yazindikira kuti potulukira palibe ndipo ikusunga mphamvu. Ndipo kwathu kuno mbewa yokonda kuyenda pambalambanda sitiitchula yolimba mtima, timaitchula ndiwo. Choncho mukamva kuti "nkhawa ya mbewa idachepa", dziwani kuti chimene chidayezedwa ndi timphindi pa thabwa ndi homoni m'magazi. Za mumtima mwa mbewa palibe adalowamo.

Ngakhale pakati pa mbewa zokhazokha zinthu sizifanana. Mu 2018 ofufuza a pa McMaster adapereka JB-1 yemweyo kwa mitundu iwiri ya mbewa. Mtundu wotchedwa BALB/c, umene mwachibadwa ndi wamantha ndipo ndi umene udagwiritsidwa ntchito mu 2011, udasintha. Mtundu wa Swiss Webster sudasinthe. Ngati mbewa ndi mbewa inzake zikusiyana chonchi, nanga mbewa ndi mbuzi ya ku Kasinje?

Adayesanso pa anthu. Mu 2017 gulu la ku Cork lidapereka JB-1 kwa amuna athanzi 29. Aliyense adamwa makapisozi a bakiteriya kwa milungu ina, ndi makapisozi opanda kanthu kwa milungu ina, osadziwa kuti awa ndi ati. Pa nkhawa, pa tulo, pa cortisol, sipadaoneke kusiyana. Ndiwayamikire akatswiriwa pa chinthu chimodzi: bakiteriya amene adawatchukitsa atalephera, adalemba okha n'kusindikiza kuti walephera. Andale athu akadatengerako khalidwe limeneli bwenzi tili patali. Ku Oxford mu 2015, pa anthu 45 amene adayesedwa kwa milungu 3, GOS adatsitsa cortisol ya m'mawa podzuka, koma FOS sadachite kanthu.

Tsono yankho lenileni la funso lanu lili apa. Mu 2018 Daniel Reis ndi anzake a pa University of Kansas ku America adasonkhanitsa kafukufuku 22 wa pa nyama ndi 14 wa pa anthu n'kuwerengera pamodzi. Adapeza kuti ma probiotic amachepetsadi zizindikiro za mantha pa nyama, koma atazigawa m'magulu, kuchepako kudaoneka pa nyama zimene zidali ndi vuto kale. Pa nyama zathanzi sikudaoneke mokwanira kuti munthu n'kukhulupirira. Pa anthu phindu silidaoneke. Ndi zomveka. Pamene m'matumbo muli kale tizilombo tokhazikika mabiliyoni, alendo ochepa ochokera m'kapaketi sapeza malo. Amadutsa, masiku angapo atha, atuluka.

Wina anena kuti izi ndi za azungu. Ayi, m'dziko mwathu muno zidayesedwanso, ngakhale kuti funso silidali la nkhawa. Pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, Marko Kerac ndi anzake adatenga ana 795 onyentchera kwambiri. Theka adawasakanizira probiotic ndi prebiotic m'chiponde chawo, theka adangowapatsa chiponde. Zotsatira zidatuluka m'magazini ya madokotala ya The Lancet mu 2009: chiwerengero cha ana ochira chidali pafupifupi chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Ndikutchula izi kuti muone kuti ngakhale pamene aliyense ankafunitsitsa kuti chinthu chigwire ntchito, sikelo idakana.

Tibwere m'khola tsopano. Malo amene ma probiotic ali ndi umboni wakale ndi wolimba ndi pa anapiye a m'makina. Mu 1973 Esko Nurmi ndi Marjatta Rantala a ku Finland adaona kuti anapiye oswedwa m'makina amagwidwa msanga ndi Salmonella. Chifukwa chake n'chapafupi. Mwanapiye wa kumudzi amatsata make, amajompha pamene make wajompha, pamene pali zitosi za make, ndipo potero amatenga tizilombo ta m'matumbo mwa thadzi. Wa m'makina sadaonepo make. Atawamwetsa anapiyewo madzi osungunuliramo za m'matumbo mwa nkhuku zazikulu zathanzi, Salmonella adalephera kukhazikika. Mukukumbukira mbewa za a Sudo zija, zimene zidathandizika zili zazing'ono zokha? Ndi nkhani yomweyo. Kotero kwa inu amene mumagula anapiye a tsiku limodzi m'katoni kuchokera m'tauni, atayenda ulendo wautali pa kutentha, probiotic wabwino m'masiku oyamba ali ndi nzeru yake. Kwa inu amene thadzi likuyenda ndi ana ake pabwalo, zimenezo mukulandira kale ulere. Chimodzimodzi mwana wa mbuzi: mkaka woyamba wachikasu uja ndi kunyambitidwa ndi make palibe kapaketi kangalowe m'malo mwake.

Pa za khalidwe la nkhuku, gulu la Heng-wei Cheng ku West Lafayette, America, lidapeza kuti Bacillus subtilis adachepetsa ndewu pa mtundu wina wa nkhuku zamazira wodziwika ndi nkhanza, ndiponso adachepetsa kupuma wefuwefu pa nkhuku zanyama zoikidwa pa kutentha. Ndi nkhani yabwino, ndipo sindikuichepetsa. Koma taonani kuti apanso ndi nkhuku zimene zidali pa vuto kale, nkhuku za chizungu, m'makola a kafukufuku. Za agalu ndingonena mwachidule. Kampani ina yaikulu ya zakudya za agalu ku America imagulitsa ufa wa Bifidobacterium longum woti ufatsitse agalu amantha, ndipo umboni umene idayambira nawo malonda udali kafukufuku wa kampani yomweyo pa agalu 24. Mwini mbuzi ndi amene adaiyeza pa sikelo.

Mwina mukudabwa kuti timapaketi timeneti tachuluka bwanji. Kuyambira pa 1 Januwale 2006 maiko a European Union adaletsa kuthira maantibayotiki m'zakudya za ziweto pofuna kuti zinenepe msanga. Makampani adayamba kufunafuna cholowa m'malo, ndipo malonda a ma probiotic adakula kuchokera pamenepo mpaka kufika kuno. Pa mfundo iyi ndili mbali ya kapaketi. Ngati mlimi akusankha pakati pa probiotic ndi chizolowezi chija chothira oxytetracycline m'madzi a nkhuku zosadwala mlungu ndi mlungu, ndi bwino probiotic. Chizolowezicho chimapha tizilombo tabwino, chimasiya toipa titaphunzira kupirira mankhwala, ndipo tsiku lina mankhwala a mtundu womwewo adzakanika kuchiza mwana wanu ku chipatala.

Wogulitsa wina adzakuuzani kuti serotonin, mankhwala a chimwemwe, pafupifupi 90 pa 100 amapangidwa m'matumbo. Sakunama. Chimene sakuuzani n'chakuti serotonin wa m'matumboyo salowa mu ubongo. Ntchito yake yaikulu ndi kuyendetsa matumbo.

Palinso ganizo lakuti tizilombo tosasitsa ndi tabwino nthawi zonse, ndipo tikachuluka ndiye bwino koposa. Funsani amene mbuzi yake idalowapo m'nkhokwe kapena kudya mphale yoyanika pa mkeka mwini wake ali ku mjigo. Chimanga chochuluka chikafika m'chifu mwadzidzidzi, tizilombo tokonda ufa monga Streptococcus bovis ndi ma Lactobacillus timaswana mwamsanga n'kudzaza chifu ndi asidi. Asidiyo amapha tizilombo togaya udzu. Mbuzi imasiya kubzikula, mimba imatupa, imatsegula m'mimba, ndipo ikhoza kufa pasanathe masiku atatu. Amene aipha ndi abale ake a tizilombo tomwe tija timasasitsa thobwa. N'chifukwa chake alangizi amalimbikira kuti posintha chakudya cha chiweto tizisintha pang'onopang'ono, mlungu umodzi kapena iwiri. Kuno chakudya cha mbuzi chimasintha chokha ndi nyengo: m'chilimwe mapesi, masamba a mtedza ndi nyemba zothothoka m'mitengo ya msangu, mvula ikagwa chingwe m'khosi ndi msipu wanthete. Kusunga mapesi ndi masamba a mtedza pamalo ouma, kuti mbuzi iziyamba yadya zouma isanapite ku msipu wauwisi, kumateteza tizilombo ta m'chifu kuposa ufa uliwonse wa m'sitolo.

Kuti chakudya ndi tizilombo zimayendera limodzi, umboni wake wina wotchuka pa dziko lonse udachokera m'midzi yathu yomwe ino. Gulu la Jeffrey Gordon ndi Mark Manary a ku St. Louis, pamodzi ndi a College of Medicine ya nthawi imeneyo, lidatsatira mapasa 317 awiriawiri m'chigawo cha kumwera. Pa mapasa ambiri, mmodzi ankadwala matenda a kunyentchera kapena kutupikana pamene mnzake ali bwino, chonsecho mbale ndi imodzi. Adatenga tizilombo ta m'matumbo mwa ana otupikana n'kutiika m'mbewa zija zopanda kachilombo. Atazidyetsa chakudya cha Chimalawi, mbewazo zidaonda kwambiri. Atazipatsa chiponde zidayamba kubwerera. Nkhaniyi idatuluka m'magazini ya Science mu 2013. Ndi angati mwa ife tidaimvapo m'Chichewa, pamene ana ake adali athu?

Nanga thobwa, chambiko, matsukwi a mphale, masese amene ena mumapatsa nkhumba? Muli tizilombo tosasitsa ndithu, koma kuti chinthu chitchedwe probiotic pamafunika kudziwa mtundu wa kachilombo, kuchuluka kwake, ndi umboni wa ubwino wake. Thobwa la Nangozo silifanana ndi la Nachisale, ndipo lowiritsa kumene tizilombo take tafa. Chenjezo langa lili pa madeya ndi chimanga cha chuku. Kusasa ndi kwina, kuwola ndi kwina. Chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi cha nkhuku ndi nkhumba, ndipo palibe probiotic angakonze khola lodyetsedwa zowola. Anzathu a ku Zimbabwe, Augustine Mpofu pamodzi ndi akatswiri a ku Wageningen m'dziko la Netherlands, adatenga chakudya chawo cha makolo cha mkaka ndi malambe chotchedwa mutandabota n'kuikamo Lactobacillus rhamnosus wodziwika bwino, ndipo adaonetsa kuti amakhalamo wamoyo. Malambe kuno timaponda ndi mapazi. Akatswiri athu a ku Bunda akhoza kutiuza zimene zili m'matsukwi, ndi zimene zimachitika pa anapiye akamwa, ngati wina atawapatsa ndalama zochitira ntchitoyo.

Tsono amene wafuna kugula, agule ndi maso. Tembenuzani kapaketi muone ngati dzina la kachilombo lalembedwa lonse, ndi nambala kapena zilembo za mtundu wake, monga JB-1 uja. Mau oti "tizilombo tabwino" okha ali ngati kalata yolembedwa kuti "kwa a Phiri, Lilongwe". Musadabwe mukaona Lacticaseibacillus rhamnosus, ndi yemwe uja, akatswiri adasintha maina mu 2020. Onani kuchuluka kwake ndi tsiku lothera mphamvu. Kumbukirani kuti ndi zamoyo. Kapaketi ka Lactobacillus kamene kakhala miyezi pa shelefu pansi pa malata a ku Kasinje mwina mwatsala mitembo yokhayokha. A mtundu wa Bacillus amapirira kutentha chifukwa amadzitsekera m'kachikhokho kolimba. Mukasungunula m'madzi othira klorini kumene, kapena m'madzi momwemo mwathira antibayotiki, mwapha zimene mwagula. Ndipo mufunseni wogulitsa kuti zidayesedwa pa nyama yanji, ndi yani, komanso ngati a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority kapena a Malawi Bureau of Standards akuzidziwa. Bungwe loona za chakudya la European Union lidakana mazana a zonena za makampani pa ma probiotic a anthu, n'kuvomereza chimodzi chokha, chakuti yogati wamoyo amathandiza kugaya shuga wa mumkaka. Ngati kumene zimapangidwako amafunsa chonchi, ife tichitirenji manyazi?

Akuluakulu mukukumbukira 1995, pamene anthu zikwizikwi adakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Goodson Chisupe. Sindikuwaseka. Edzi inkapha, ndipo zipatala zidalibe mankhwala. Munthu wothedwa nzeru amagwira chilichonse, ndipo mlimi amene nkhuku zake zikufa ndi wothedwa nzeru. Koma pa 14 Juni 1993 anthu a dziko lino adasankha nyali. Chizindikiro chinacho sinditchula poti uno ndi msonkhano wa nkhuku. Ufulu umene udabwera tsiku limenelo ndi wofunsa mafunso, ndipo suthera pa nduna ndi aphungu okha. Umafika ndi pa kauntala ya sitolo.

Ngati ndalama ndi yochepa, monga m'mene ilili kwa tonsefe, iyambe yapita ku katemera wa chitopa. Katemera wa I-2 amapangidwa konkuno, ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi dontho limodzi m'diso, miyezi 4 iliyonse. Nkhuku yofatsa bwanji, chitopa chikabwera imafa ndi kufatsa kwake komweko. Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala ochiza, chitetezo chake ndi khola lolimba ndi kusalola nyama ya nkhumba yosadziwika kulowa pakhomo. Pambuyo pake mthunzi, madzi ozizira osatha m'chomwera, khola lopita mphepo, ndi kuchepetsa chiwerengero pamene zathithikana. Nkhuku zojomphana kawirikawiri zikudandaula za malo, kutentha kapena chakudya chosakwanira.

Pomaliza, a Tcheyamani, ndili ndi pempho ku kalabu yanu. Simukusowa Cork kapena Kansas kuti muyese kapaketi. Pogula anapiye otsatira, agaweni pawiri mwa maere, osati kusankha onenepa mbali imodzi. Khola likhale lofanana, chakudya chimodzi, katemera mmodzi. Gulu lina lizimwa ufawo, lina madzi okha. Woyeza pa sikelo mlungu uliwonse akhale munthu wosadziwa kuti gulu lomwa ndi liti, ndipo alembe m'kope kulemera, akufa, ndi amene ali ndi mabala ojomphedwa. Khola limodzi silikwanira, poti mwayi umanamiza, koma mabanja 10 akachita chimodzimodzi kwa milungu 6 pamakhala choti n'kukambirana. Mukatero mutitumizire kopelo, ndipo tidzasindikiza zimene zatuluka, kaya zikomere wogulitsa kaya ayi. Ndaona alangizi akhala akulemba nthawi yonseyi, ndiye mafunso a muyeso wa mankhwala apite kwa iwo.